MLANDU SUOLA: MOYO WA ORTON CHING'OLI CHIRWA

Munthu wochokera pakati pa mzinda wa Blantyre kunka ku Limbe amayenda pa mseu waukulu wotchedwa dzina la Masauko Chipembere. Akafika pa Chichiri napenya ku dzanja lamanja, aona phiri la Soche ndi nyumba zokhala m'tsinde mwake, ndipo akapitirira pang'ono adutsa pafupi ndi Kanjedza. Ulendowu ndi wa mamailosi asanu chabe, koma m'kamtunda kameneka muli chiyambi ndi mathero a ntchito ya munthu mmodzi wamkulu wa dziko lino. Ku Limbe ndiko a Orton Chirwa anakhazika chipani cha Malawi Congress Party m'chaka cha 1959, iwo ali Pulezidenti wake woyamba. Ku Soche ndiko boma la chipani chomwecho linawaweruza kuti aphedwe m'chaka cha 1983. Lero tifuna kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi antchito a Boma, aone m'mene zinthu ziwirizi zinalumikizirana.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa 30 January, 1919, m'boma la Nkhata Bay, kwa Atonga. Dera limeneli linalandira sukulu msanga chifukwa cha amishoni a Livingstonia amene anakhala pa Bandawe, kotero kuti linatulutsa anthu ophunzira ambiri, monga Clements Kadalie amene anatsogolera bungwe lalikulu la antchito ku South Africa. M'masiku amenewo m'Nyasaland munalibe sukulu ya ukachenjede, ndipo mnyamata wofuna maphunziro apamwamba anayenera kuwoloka Zambezi. A Chirwa anachita chimodzimodzi, nakatenga digiri yao pa koleji ya Fort Hare, kumene kunaphunziranso atsogoleri ambiri a maiko a kumwera kwa Africa.

Atabwerako anagwira choko. Anaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ya Domasi, ndipo m'chaka cha 1951 anakwatira Mai Vera Chibambo. Chaka chomwecho analemba chikalata chachitali chokana Chitaganya, ndiko kuti chigwirizano chimene Angerezi anafuna kumanga pakati pa Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Mau a anthu akuda sanamveke, ndipo Chitaganya chinakhazikitsidwa mu 1953. Pamenepo a Chirwa anaona kuti nkhondo yotsala inali ya malamulo. Anapita ku London kukaphunzira pa Lincoln's Inn, ndipo mu 1958 anabwera ali loya woyamba wa mtundu wathu. Chaka chomwecho, pa 6 July, Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka kudzatsogolera Nyasaland African Congress, ndipo a Chirwa anakhala mlangizi wa Kongeresi pa za malamulo.

MPANDO WOSUNGIRA MWINI

M'bandakucha wa pa 3 March, 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza Emergency. Dr. Banda anagwidwa kunyumba kwao ku Limbe natumizidwa ku ndende ya Gwelo. Kongeresi inaletsedwa. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ambiri a iwo pa msasa wa Kanjedza. Kwao kwa a Chirwa, pa doko la Nkhata Bay, asilikali anaombera khamu la anthu tsiku lomwelo napha anthu osachepera 20. A Chirwa ndi akazi ao anagwidwanso, ndipo bamboyo anakamutsekera ku Khami, pafupi ndi Bulawayo.

Anatulutsidwa mu August, atsogoleri anzao akali m'ndende. Dziko linali ngati mudzi wopanda mfumu. Munthu wodziwa malamulo anaona chimene ena sanachione, kuti choletsedwa chinali dzina la Kongeresi yakale, koma panalibe lamulo loletsa chipani chatsopano. Chotero pa 30 September, 1959, anayambitsa Malawi Congress Party, mothandizana ndi mnyamata Aleke Banda amene anakhala mlembi wamkulu. Likulu linali ku Limbe, ndipo m'miyezi yowerengeka makadi a chipani anafika m'maboma onse.

Apa ndipo pali chinthu chimene chiyenera kukumbukiridwa. Akadafuna, a Chirwa akadaukakamira mpandowo, popeza Angerezi anali kufunafuna mtsogoleri wofatsa woti akambirane naye m'malo mwa Dr. Banda. Koma iwo anauza Nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Iain Macleod, kuti chipani sichidzakambirana za ufulu mtsogoleri wake ali m'ndende. Pamene Nduna Yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inafika m'Blantyre mu January, 1960, anthu anasonkhana pa Ryall's Hotel kufuna chinthu chomwecho. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April, 1960, ndipo patangopita masiku ochepa a Chirwa anatula pansi upulezidenti nawapatsa. Palibe anawakakamiza. Iwo anadziyesa wosungira mwini.

Koma mpandowo anaupereka wopanda mpanda. Mu September chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Kota Kota, kumene lero tikuti Nkhotakota, chipani chinasankha Dr. Banda kukhala Pulezidenti wake wa moyo wonse. Atsogoleri achinyamata anakhulupirira kuti pofuna kugonjetsa Chitaganya panafunika dzina limodzi loti anthu a m'midzi alitsate, ndipo iwo omwe ndiwo analikweza dzinalo koposa onse. Nzeruyo inagwiradi ntchito. Chimene sanachiganizire ndi tsiku limene iwo eni adzasiyane maganizo ndi munthu amene anamukwezayo.

NDUNA YA ZACHILUNGAMO

Pa chisankho cha pa 15 August, 1961, chipani chinapambana mipando 22 mwa 28. A Chirwa analowa mu Unduna wa Zachilungamo, poyamba ngati wothandiza Nduna, pambuyo pake ngati Nduna, ndipo pofika pa ufulu analinso mlangizi wamkulu wa Boma pa za malamulo. Ntchito yao yaikulu inali kukonza mabwalo a milandu a m'midzi. Lamulo la mu 1962 linachotsa mphamvu yoweruza m'manja mwa mafumu, amene ambiri a iwo anthu ankawaona ngati maso a Bwana D.C., n'kuika apampando osankhidwa ndi Unduna. Ambiri anakondwera nazo. Komabe wopenyetsetsa aona kuti kuyambira pamenepo chingwe cha mabwalowa chinali m'dzanja la Nduna, ngakhale munthu wosakhutira anali ndi ufulu wokadandaula ku Bwalo Lalikulu.

Sitingawachitire chilungamo a Chirwa tikabisa mbali ina. M'miyezi yoyandikira chisankho cha 1964, anthu a zipani zina anamenyedwa ndi kuopsezedwa, kufikira kuti onse oimira Malawi Congress Party anadutsa popanda opikisana nao. Nduna, a Chirwa ali pakati pao, sizinadzudzule zimenezi poyera. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

MKANGANO WA NDUNA

Dziko linalandira ufulu pa 6 July, 1964. Sipanathe milungu itatu, Dr. Banda pobwera ku msonkhano wa ku Cairo analankhula pa Chileka mau ochenjeza nduna zao pamaso pa anthu. Patangopita masiku ochepa, Nduna Colin Cameron inasiya ntchito pokana ganizo lobwezeretsa lamulo lotsekera anthu osawazenga mlandu. Pa 26 August nduna zinanena zakukhosi pa msonkhano wao, ndipo pambuyo pake zinalemba madandaulo ao zili pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba.

Madandaulowo anali okhudza anthu wamba ndi antchito a Boma. Panali tiki, ndiye mapeni atatu, imene wodwala analamulidwa kulipira pa chipatala cha Boma. Panali lipoti la Skinner, limene linaika malipiro a antchito a Boma achimalawi pansi pa a Azungu ogwira ntchito yofanana. Panali kuchedwa kopereka maudindo akuluakulu kwa eni dziko. Panalinso za kunja: nduna zinafuna kuti Malawi alandire chithandizo cha boma la Peking, ndi kuti aleke kuyanjana ndi Apwitikizi olamulira Mozambique. Koma muzu wa zonse unali wakuti Nduna Yaikulu inasunga maunduna ambiri m'manja mwake, inkagamula nkhani yokha, ndipo inkatcha nduna zinzake anyamata ake pa misonkhano.

Naye Dr. Banda anali ndi zifukwa zake, ndipo nkoyenera kuzitchula. Boma latsopano silinkatha kulipira ntchito zake popanda ndalama zochokera ku Britain. Katundu wa dziko ankatulukira pa njanji ya ku Beira, m'dziko la Apwitikizi. Anthu ophunzira mokwanira kutenga maudindo onse anali ochepa. Iye anaona kuti kuthamanga kukadagwetsa nyumba isanafoleredwe. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zoti anthu ofatsa akadakhalirana pansi, ndipo Bwanamkubwa Sir Glyn Jones anayesetsa kuziyanjanitsa, koma zinakanika. Mkangano wa mfundo unasanduka funso la kukhulupirika.

Pa 7 September, 1964, Dr. Banda anachotsa a Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anasiya okha pogwirizana ndi anzao. Chipembere, amene anali ku Canada, anasiyanso atangobwera. Pa 8 ndi 9 September Nyumba ya Malamulo inakambirana nkhaniyi nivomereza popanda wotsutsa kuti ikhulupirira Nduna Yaikulu.

Funso limene anthu akhala akukangana kuyambira pamenepo ndi ili: kodi ndunazi zinali zoukira? Mwa lamulo, Nduna Yaikulu inali ndi mphamvu yochotsa nduna iliyonse, ndipo a Chirwa, amene anathandiza kukonza malamulowo, anadziwa zimenezi. Koma kuchotsedwa pa unduna ndi kwina, kusanduka mdani wa dziko ndi kwinanso. Kufikira tsiku limene anachotsedwa, zida za ndunazi zinali mau ndi kalata. Kumapeto a September ku Zomba kunabuka ndeu pakati pa antchito a Boma, amene ambiri anali ku mbali ya nduna zochotsedwa, ndi anyamata a chipani obwera nao pa malole, ndipo maofesi anatsekedwa masiku angapo. Mu October a Chirwa anayesabe njira ya mtendere napita kukaonana ndi Dr. Banda ku Zomba, koma alonda anawamenya. Pamenepo anazindikira kuti moyo wao unali pa ngozi, ndipo mwezi womwewo anathawira ku Tanzania.

MFUTI ZILIRA

Chipembere sanathawe. Anabisala kwao m'boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, ndipo usiku wa pa 12 February, 1965, anatsogolera amuna pafupifupi 200 kukalanda polisi ndi mfuti pa bomapo. Analunjika ku Zomba, koma pofika pa Liwonde anapeza pantoni yoolotsa magalimoto pa Shire ili tsidya lina, ndipo asilikali a Boma anawabalalitsa. Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, nakamwalirira ku America mu 1975. Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondo m'tchire, anagwidwa nanyongedwa ku Zomba mu 1966. Mu October, 1967, Yatuta Chisiza analowa ndi gulu laling'ono la zida cha ku Mwanza, ndipo anaphedwa pomenyana ndi asilikali.

A Chirwa sanali pa Fort Johnston, sanalinso ku Mwanza. Koma mfuti zimenezi zinatseka njira yobwerera kwa onse amene anathawa, pakuti kuyambira pamenepo Boma silinasiyanitsenso wotsutsa ndi pakamwa ndi wotsutsa ndi mfuti. Onse anatchedwa zigawenga. Lamulo lotsekera anthu osazengedwa mlandu linakhazikika, ndipo la mlandu woukira Boma linakulitsidwa. Mu 1966 Malawi anasanduka Republic ya chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa dziko wa moyo wonse.

Ku Dar es Salaam a Chirwa anabwerera ku ntchito yao ya malamulo ndi uphunzitsi. Mai Chirwa anaphunzira nao malamulo ku London, nakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. A Chirwa anayambitsa chipani cha anthu othawa, Malawi Freedom Movement, chodziwika ndi dzina loti MAFREMO. Anakhala m'dziko la eni zaka 17.

MABWALO ASINTHA

Iwo ali kunja, m'Blantyre munachitika zinthu zimene zinadzawakhudza. Kuyambira mu 1968 kufikira mu 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zao ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira mzinda, ndipo mantha anagwira aliyense. Anthu ena ozengedwa mlandu wakupha atamasulidwa ndi Bwalo Lalikulu chifukwa chosowa umboni wokwanira, Boma linati malamulo a Angerezi akuteteza zigawenga. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija la mabwalo a m'midzi. Kunakhazikitsidwa mabwalo a m'zigawo oweruza monga mwa mwambo, okhalamo mafumu, ndi mphamvu yozenga milandu yakupha ndi kulamula kuti munthu anyongedwe. Khomo lokadandaula ku Bwalo Lalikulu linatsekedwa, ndipo majaji achingerezi a bwalolo anasiya ntchito. Pambuyo pake mabwalowa anapatsidwanso milandu youkira Boma, ndipo ndimo anaweruzidwira Albert Muwalo amene ananyongedwa mu 1977. Woweruza ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi Boma. Wozengedwa sankaloledwa kukhala ndi loya.

ANAGWIDWIRA KUTI?

Pa 24 December, 1981, usiku wolowera Khirisimasi, a Chirwa, akazi ao ndi mwana wao wamwamuna anagwa m'manja mwa apolisi a Malawi m'dera la malire a Chipata ndi Mchinji. Apa pali mkangano wachiwiri. Boma linati analowa okha m'dziko mozemba ndi cholinga chodzaligwetsa. Iwo anati anakokedwa ndi uthenga wachinyengo nagwidwa mokakamiza ali m'dziko la Zambia. Kusiyanaku sikochepa, chifukwa ngati anabedwa m'dziko la eni ndiye kuti Boma lenilenilo linaswa lamulo mlandu usanayambe. Funsoli silinaweruzidwepo ndi bwalo loima palokha nthawi imeneyo. Mabungwe oona za ufulu wa anthu, monga Amnesty International, anakhulupirira mau a banjali, ndipo Mai Chirwa anafotokozanso chimodzimodzi m'buku la moyo wao limene linatuluka mu 2007.

MLANDU WA KU SOCHE

Mlandu unayamba mu July, 1982, m'bwalo la mwambo la Chigawo cha Kumwera ku Soche. Anazengedwa kuti anapangana zogwetsa Boma ndi kupha Pulezidenti. Loya woyamba wamwamuna ndi loya woyamba wamkazi wa dziko lino anaima m'bwalo losalola loya, nadziyankhira okha. Anapempha kuitana mboni zao zochokera kunja, koma anakanizidwa. Mu May, 1983, onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe. Unali mwezi womwe uja nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa m'boma la Mwanza.

Bwalo la apilo la mwambo linavomereza chilangocho mu February, 1984. Maiko, mipingo ndi mabungwe anapempha chifundo. Mpingo wa Church of Scotland, umene Dr. Banda anali mkulu wa mpingo wake, unatumiza Mbusa Andrew Doig, amene kale anatumikira m'dziko muno, kudzawapepesera. Pa 30 June, 1984, Pulezidenti anasintha chilango kukhala ndende ya moyo wonse.

NDENDE NDI IMFA

Ku ndende ya Zomba mwamuna ndi mkazi anasungidwa mosiyana, osaonana ngakhale anali m'linga limodzi. A Chirwa anakhala nthawi yaitali m'chipinda cha okha, ndipo nthawi zina ankamangidwa maunyolo m'miyendo. Mu March, 1992, Maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yao yodzudzula kusowa kwa chilungamo m'dziko, ndipo mphepo inayamba kutembenuka. Mu September chaka chomwecho gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kuwaona, ndipo pamenepo ndipo awiriwa anaonana patapita zaka 8. Alendowo anapeza nkhalamba yosamva bwino, ya maso ofooka. Pa 20 October, 1992, a Chirwa anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73.

Anatsala pang'ono kuona mbandakucha. Mai Chirwa anamasulidwa pa 24 January, 1993. Pa 14 June chaka chomwecho Amalawi anasankha zipani zambiri pa riferendamu, ndipo chisanathe chakacho mabwalo a m'zigawo aja anaimitsidwa. Bungwe la maiko a Africa loona za ufulu wa anthu, limene likulu lake lili ku Banjul, litaunika dandaulo la banjali linapeza kuti sanazengedwe mwachilungamo. Patapita zaka, Mai Chirwa anasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a bungwe lomwelo, napatsidwa ntchito yoyendera ndende za mu Africa.

CHIMENE TITOLAPO

Tikaika pamodzi zonsezi, tiona kuti a Chirwa sanagwe chifukwa cha mfuti ya Chipembere, kapena chifukwa cha tiki ya kuchipatala. Anagwa chifukwa pa tsiku limene anasiyana maganizo ndi mtsogoleri wao panalibenso malo oti munthu wosiyana maganizo aimepo. Chipani chinali chitapereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi, Nyumba ya Malamulo inalibe otsutsa, ndipo mabwalo anali pa chingwe cha Nduna. Zina mwa njerwa za nyumba imeneyo anaziumba ndi iwo eni, ali ndi mtima wabwino ndi cholinga cha ufulu. Ichi sichichepetsa ulemu wao. Chitisonyeza kuti lamulo liyenera kulembedwa poganizira tsiku limene lidzakhale m'manja mwa munthu wina, ndi kuti chitetezo chimene tikaniza mdani wathu lero ndi chomwecho tidzachisowe ife.

Wantchito wa Boma amene alemba kalata yosamutsa, yoimitsa kapena yochotsa mnzake ntchito, adzifunse ngati wampatsa mpata woyankha. Mphunzitsi amene afika pa mutu wa 1964 m'kalasi asangotchula maina ndi masiku, koma afotokoze zifukwa za mbali zonse ziwiri, ndi kuwauza ana kuti Pulezidenti woyamba wa chipani chimene chinabweretsa ufulu anali yani. Lero ku Mzuzu kuli mseu wotchedwa Orton Chirwa, monga kuno kuli wa Chipembere, anthu amene kale kutchula maina ao kokha kunali kuitana apolisi. Mlandu umene bwalo la ku Soche linayesa kuti lautseka mu 1983 unadzatsegulidwanso, ndipo amene anatsutsidwa pomaliza ndi bwalolo.